"BORROW" NDI "LEND": MAU AWIRI A CIZUNGU AMENE ATHA KUTEMBENUZA NGONGOLE

Mvula ikayandikira, m'midzi ya m'cigawo ca Kum'mawa mumacitika kubwerekana kwakukulu. Uyu afuna ng'ombe ziwiri za mlamu wake kuti agaule munda, uyo afuna ndalama zoonjezera pa mtengo wa feteleza, winanso nkhokwe yamuthera msanga ndipo afuna thumba la cimanga loti limufikitse ku zokolola. Kale mapangano otere anali kutha ndi pakamwa, pamaso pa mboni ziwiri kapena pa bwalo la anyakwawa. Masiku ano anthu ambiri akonda kulemba kapepala, ndipo popeza kapepala kamaoneka kolemera kakakhala m'Cizungu, amaitana mwana wa sukulu kuti awalembere.

Kulembako ndi nzeru yabwino. Bvuto liri pa mau awiri a Cizungu amene sasowa pa mapepala amenewa, "borrow" ndi "lend". Mau awiriwa akamba za nchito imodzi, koma lina liyang'ana kum'mawa pamene linzake liyang'ana kumadzulo. Wolemba akaika limodzi pa malo a linzake, pepala limanena kuti amene anapereka ndalama ndiye ayenera kubweza.

Njinga imodzi, mau awiri

"Borrow" ndiko kutenga cinthu ca mwini ndi pangano lakuti cidzabwezedwa. "Lend" ndiko kupereka cinthu kwa munthu wina ndi pangano lomwelo. Woyamba atambasula dzanja kuti alandire, waciwiri atambasula dzanja kuti apereke.

Mwacitsanzo, mnyamata afuna kupita ku cigayo, ndipo amalume ake amupatsa njinga kuti aibweze madzulo. Cimene cacitika ndi cimodzi cabe, koma Mngerezi ali ndi njira ziwiri zocinenera, kulingana ndi mbali imene wosimbayo waima. Mnyamata adzati, "I borrowed a bicycle from my uncle," kutanthauza kuti njinga inacoka kwa amalume kudza kwa iye. Amalume adzati, "I lent a bicycle to my nephew," kutanthauza kuti njinga inacoka m'manja mwao kupita kwa mwana wa mlongo wao. Mnyamata uja angathenso kuyamba ndi amalume, nati, "My uncle lent me a bicycle." Cimene Cizungu ca m'mabuku cikana ndico kunena kuti, "My uncle borrowed me a bicycle."

Pali timau tiwiri timene tithandiza munthu wokaika. "Borrow" ayenda ndi "from", ndiko kuti kucokera. "Lend" ayenda ndi "to", ndiko kuti kupita. Wolemba ayambe wadzifunsa kumene cinthuco calowera. Ngati cabwera kwa munthu amene dzina lake liri patsogolo pa ciganizo, liu ndi "borrow". Ngati cacoka kwa iye, liu ndi "lend". Posimba zakale, "borrow" akhala "borrowed", koma "lend" akhala "lent". Liu lakuti "lended" aphunzitsi amalidula ndi inki yofiira.

Popempha, njira zonse ziwiri ziri zotseguka. Munthu angathe kunena kuti "Lend me your hoe," kapena "May I borrow your hoe?" ndipo adzalandira khasu lomwelo.

Gwero la cisokonezo

Ku Chipata, ku Katete, ku Lusaka, m'kalasi ndi mu ofesi momwe, mau akuti "Borrow me your pen" amamveka tsiku ndi tsiku, ngakhale pakamwa pa anthu ophunzira bwino. Ena amaseka ndi kunena kuti ndi umbuli. Si umbuli ai. Ndi Cinyanja cobvala malaya a Cizungu.

M'Cinyanja liu limodzi lakuti "kubwereka" ligwira nchito mbali zonse ziwiri. Mnyamata atha kunena kuti, "Ndabwereka njinga kwa amalume," ndipo athanso kunena kuti, "Amalume andibwereka njinga." Palibe amene asokonezeka, cifukwa kaliu kakang'ono ka "ndi", kamene kalowa pakati pa mneni waciwiriyo, kasonyeza kumene njinga yapita. Liripo liu lakuti "kubwereketsa", koma pa kukamba kwa masiku onse anthu sacita kulifuna nthawi zonse. Tsono munthu wozolowera kunena kuti "Ndibwerekeni khasu" akatembenuza liu ndi liu, cimene cituluka ndi "Borrow me a hoe."

Msampha waciwiri uli pa kaliu ka "kwa". Mnyanja amati, "Ndatenga kwa amalume," amatinso, "Ndapereka kwa amalume." Kaliu kamodzi kasenza nchito ya "from" ndi ya "to" yomwe. Apa ndi pamene pabadwira ziganizo zonga "I borrowed K200 to my uncle." Ciganizo cotere cifanana ndi ngolo yomangidwa ng'ombe kutsogolo ndi kumbuyo komwe: liu lina likuti ndalama zinabwera, lina likuti zinapita, ndipo woweruza sadziwa coti agwire.

Cizolowezi cimeneci cinakhazikika kalekale. Kuyambira ndi lamulo la maphunziro la mu 1966, ana a m'Zambia anayamba kuphunzira maphunziro onse m'Cizungu kucokera mu giredi 1, ndipo zinakhala tero kwa zaka zambiri. Mwana anali kucoka kunyumba ndi maganizo a Cinyanja, nafika kusukulu kumene anayenera kuwanena m'cinenero ca eni. Aphunzitsi nawonso anali ana a m'midzi yomweyo. Motero "borrow me" anacoka pakamwa pa mbadwo wina kulowa pakamwa pa mbadwo unzake.

Anyanja sali okha pa bvuto limeneli. Ajeremani ali ndi mau akuti "leihen" ndi "borgen", ndipo onse awiri atha kunena za wotenga kapena za wopereka. Adachi amati "lenen" mbali zonse ziwiri, ndipo m'Ciafrikaans ca ku South Africa liu ndi "leen", cimodzimodzi. M'Ciswahili, "kuazima" agwira nchito monga "kubwereka" wa kuno. Ngakhale ku England kwenikweniko, m'madera ena a kumpoto, anthu wamba amamveka akuti "Can I lend your pen?" pamene akupempha. Iwo atembenuza mau mbali ina, a kuno atembenuza mbali inzake.

Mbiri ya mau awiriwa isonyeza kuti mpanda wa pakati pao sunamangidwe tsiku limodzi. Zaka zoposa 1,000 zapitazo, m'Cingerezi cakale munali liu lakuti "borg", lotanthauza cikole, kapena munthu woimirira mnzake pa ngongole. Kucokera pamenepo panabadwa mneni "borgian", amene poyamba anali kunena za kuimirira munthu kapena kumukongoza. Pambuyo pake tanthauzo linatsetsereka ndi kukhazikika pa wotenga, pakuti ndiye anali kusiya cikole. Kumeneko ndiye kunacokera "borrow". Liu la "lend" linacokera kwa mneni wina wakale wotanthauza kupereka cinthu kwa kanthawi, ndipo poyamba linalibe "d" kumapeto. Lemba limeneli linamamatira pambuyo pake kucokera ku kanenedwe ka zinthu zakale. Mlimi wa ku Petauke amene asiya wailesi yake kuti akongole K300 akucita zomwezo zimene zinabala liu la "borrow" m'dziko lakutali.

Pamene Cinyanja ciposa Cizungu

Munthu asaganize kuti Cizungu ndico cokha codziwa kusiyanitsa zinthu. Pali malo pamene Cinyanja cidula bwino koposa.

Mnyanja amasiyanitsa kubwereka ndi kukongola. Khasu, njinga, ng'ombe ndi mbiya ya mowa zimabwerekedwa, pakuti cinthu comweco ndico cidzabwerera kwa mwini. Ndalama, ufa, mcere ndi cimanga zimakongoledwa, pakuti zidzadyedwa kapena kugulidwira kanthu, ndipo cobwerera ndi cina colingana naco. Wopereka ndiye akongoza, ndipo cotsala pakati pao ndi ngongole. Zoona, anthu amatinso "kubwereka ndalama", maka-maka pofuna kufewetsa pempho, koma palibe amene amati akukongola khasu. Mngerezi alibe kusiyanitsa kumeneku. Kwa iye ng'ombe ndi "borrow", ndalama ndi "borrow", mcere wa pa cikhato ndi "borrow".

Zimenezi ziri ndi zotsatira zake pa pepala. Mau akuti "borrowed one ox" sanena kanthu za cimene cidzacitika ng'ombe ija ikathyoka mwendo pa goli, kapena ikafa ndi matenda a nkhupakupa iri m'khola la wobwereka. Akuluakulu anati khasu lobwereka silikhala kuthyoka, ndipo milandu yambiri ya pa bwalo imayambira pomwepo. Mau akuti "borrowed one bag of maize" sanenanso ngati cobweza ndi thumba limodzi kapena awiri. Cimanga ca mu January, nthawi ya njala, ciri ndi mtengo wokwera. Ca mu June, pamene nkhokwe zadzaza, ciri ndi mtengo wotsika. Wokongoza aganiza za mtengo, wokongola aganiza za thumba, ndipo liu la Cizungu likhala cete pakati pao. Zoterezi ziyenera kulembedwa pazokha, ndi manambala.

Cinyanja naconso ciri ndi msampha wake umene umagwira alendo. "Wokongola" atha kukhala munthu wa ngongole, athanso kukhala munthu wa nkhope yosiririka. Mzungu wophunzira Cinyanja akamva kuti mai uje ndi wokongola kwambiri m'mudzi monse, ayenera kuyamba wafunsa asanayamikire.

Njanji ya TAZARA

Mau awiriwa sagwira nchito pa khasu ndi njinga zokha. Maboma nawonso amakongozana, ndipo woŵerenga nyuzi za Cizungu amakumana nao kawiri-kawiri. Mu 1970 dziko la China linabvomera kukongoza Zambia ndi Tanzania ndalama zokwana mayuani 988 miliyoni, zopanda ciongoladzanja, zomangira njanji ya TAZARA. Njanjiyi, ya makilomita 1,860 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, inatha kumangidwa mu 1975. Nkhani imodzi yomweyo itha kulembedwa kuti "China lent the money to Zambia and Tanzania," kapena kuti "Zambia and Tanzania borrowed the money from China." Zonse ziwiri ndi zoona. Koma mtolankhani atalemba kuti "China borrowed," akanauza dziko lonse kuti anthu a ku Beijing ndiwo ali ndi ngongole ku Lusaka.

Pepala likafika ku khoti

Pokamba ndi pakamwa, colakwa cimeneci sicipha munthu. Wonena kuti "borrow me" watambasula dzanja, nkhope yake ioneka, ndipo womvera adziwa cimene afuna. Pepala lilibe dzanja, lilibenso nkhope. Limakhala m'sutukesi zaka zitatu kapena zisanu, ndipo tsiku limene lituluka ndi tsiku la mkangano.

Mwacitsanzo, mai wogulitsa nkhumba wakongoza mnansi wake K2,000. Mwana wa sukulu alemba m'dzina la maiyo kuti, "I have borrowed K2,000," naonjezera dzina la mnansi, tsiku, ndi malo odinda cala. Mai adinda mokondwa, poganiza kuti wamanga ndalama zake. Kwa munthu aliyense woŵerenga Cizungu ca m'mabuku, pepala limenelo ndi cibvomerezo cakuti maiyo ndiye analandira ndalama. Mnansi akakhala woona mtima, palibe cimene cionongeka. Akakhala wa mtima wopotoka, wapatsidwa mkondo ndi mwini ndalama yemwe.

Sikuti khoti limatsata pepala lokha. Makhoti a Local Court, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1966 m'malo mwa makhoti a nthawi ya atsamunda, amamva milandu m'cinenero ca anthu a m'deralo, amafunsa mboni, ndipo oweruza ake amadziwa bwino mmene anthu a kwao amakambira Cizungu. Koma wogonja ali ndi ufulu wocita apilo ku khoti la majisitireti, kumene zonse zimalembedwa m'Cizungu ndipo pepala limaŵerengedwa monga liriri. Mwini ndalama angathe kupambanabe, koma atataya masiku a kumunda ndi ndalama za ulendo pofotokoza cinthu cimene liu limodzi likanamaliza. Ndiponso mlandu suola, koma mboni zimakalamba, zimasamuka, zimamwalira.

Coopsa koposa cimadza pa maliro. Lamulo la cuma ca masiye la mu 1989 linena kuti munthu akamwalira osasiya wilo, woikidwa kuyang'anira cumaco ayenera kulipira ngongole za womwalirayo asanagawire mkazi wamasiye, ana ndi makolo. Amalonda ambiri a m'midzi, a magolosale, a zigayo ndi ogula mbeu, amasunga kabuku ka ngongole. M'kabukuko mumapezeka dzina la munthu, ndipo pambali pake palembedwa "borrowed K500". Kodi munthuyo ndiye anakongola kwa malemu, kapena malemu ndiwo anakongola kwa iye? Wolemba ali m'manda. Wochulidwa dzinayo adzayankha mokomera thumba lake, ndipo ndalama zimene zinayenera kulowa m'nyumba ya ana amasiye zitha kutulukamo.

Mizere iwiri ya pansi pa fomu

Pa mafomu a ku banki, a makampani a thonje ndi fodya amene amapereka mbeu ndi mankhwala pa ngongole, ndi a timabungwe tosunga ndi kukongozana ndalama, mau awiriwa amabwera atasintha pang'ono. "Borrower" ndiye wokongola, amene adzabweza. "Lender" ndiye wokongoza, mwini cuma. Pansi pa fomu pamakhala mizere iwiri ya maina amenewa, ndipo mlimi wotenga ngongole malo ake ndi pa "Borrower". Nthawi zina pamakhalanso mzere wa "Witness" ndi wa "Guarantor". Woyambayo ndi mboni cabe, amene anaona ndi maso. Waciwiriyo ndi "borg" uja wa Angerezi akale, woimirira mnzake, amene adzalipira ndi cuma cake wokongola akalephera. Anthu ambiri asaina pa mzere waciwiriwu akuganiza kuti akucitira umboni.

Lamulo la okongoza ndalama, la Money-lenders Act, limene liri Mutu 398 wa Malamulo a Zambia, lamangidwa pa mau awiri omwewa. Lifuna kuti wocita malonda okongoza ndalama akhale ndi laisensi, kuti pangano lilembedwe, kuti "borrower" asaine yekha ndi kupatsidwa kope lake. Linenanso kuti ciongoladzanja coposa 48 peresenti pa caka khoti lidzaciyesa copitirira muyeso, pokhapokha wokongoza atasonyeza cifukwa comveka. A kaloba ena amafuna theka la ndalama pamwamba pakutha mwezi umodzi, kumene kuli 600 peresenti pa caka.

A kaloba ocenjera adziwa kulemera kwa mau kuposa ophunzira ambiri. Pa cifukwa cimeneci ena a iwo salemba "borrowed" kapena "lent" konse. Munthu akabwera ndi njinga yamoto, ng'ombe kapena mapepala a nyumba monga cikole, iwo amalemba kuti "sold", ndiko kuti wagulitsa. Wokongola adinda cala akuganiza kuti wasiya cikole, pamene pepala likuti katundu wapita. Tsiku lobweza likapitirira ngakhale pang'ono, amauzidwa kuti panalibe ngongole, panali malonda. Pepala la ngongole limene mulibe liu la "borrow", la "lend" kapena la "loan" liyenera kudabwitsa woŵerenga aliyense.

"Loan" si mphatso

Liu la "loan", limene anthu amati loni, ndi m'bale wake wa "lend". Linalowa m'Cingerezi kucokera kwa anthu a kumpoto kwa Ulaya, a Viking, amene anakhazikika m'madera ena a England. Litanthauza cinthu cokongozedwaco, ndiyo ngongole. Anthu a ku America amaligwiritsanso nchito monga mneni, nati "Loan me ten dollars," ndipo likatero liima pa malo a "lend", osati a "borrow".

Ngakhale mau awiri aja asiyana pa mbali imene ayang'ana, agwirizana pa cinthu cimodzi: m'kati mwa onse muli kubweza. Apa ndi pamene asiyana ndi "give", kupatsa, ndi "grant", thandizo losabweza. Dziko lino linaphunzira zimenezi ndi ndalama zambiri. M'zaka zoyamba za ufulu, bungwe la Credit Organisation of Zambia linakongoza alimi ndi makopaletivu ndalama zoculuka, ndipo ambiri anaziyesa mphatso ya boma lao latsopano. Pofika mu 1970 bungweli linali litagwa ndi ngongole zosabwezedwa, ndipo Agricultural Finance Company inatenga malo ake. Banki ya Lima, imene inayamba mu 1987, nayonso inatsekedwa m'zaka za m'ma 1990. Kungakhale kunama kunena kuti liu limodzi ndilo linagwetsa mabungwe amenewa. Cilala ca mu 1992, kucedwa kwa malipiro a mbeu ndi kayendetsedwe kofooka zinali ndi mbali yao yaikulu. Komabe mlimi amene anamva "loni" monga dzina la feteleza wa boma, osati monga ngongole, analipo m'midzi yambiri, ndipo banki itatsekedwa ndi ana ake amene anasowa kokakongola.

Angerezi eni ake nthawi zina amacita nalo masewera liuli. Mwana wa sukulu pocotsera masamu amauzidwa kuti "borrow one", ndipo nambala imene watengayo siibwerera kwa mwini. Akatswiri a zinenero amatinso mau onga "sukulu" ndi "buku", ocokera ku Cingerezi, kapena "nsapato" ndi "kalata", ocokera ku Cipwitikizi, ndi mau obwereka. Palibe Mpwitikizi amene anabwerapo kudzalonjerera nsapato zake. Kumeneko ndi kukamba kophiphiritsa cabe, ndipo kalaliki wa ku banki sakudziwa.

Lendi wa munda

Patsala msampha wina umene uli wa anthu a kuno okha-okha. Lilime la Mnyanja silisiyanitsa kweni-kweni "l" ndi "r". Cotero "lent", ndiko kuti anabwereketsa, ndi "rent", ndiko kuti kulipira pogwiritsa nchito cinthu ca mwini, amamveka ngati liu limodzi. Coonjezera cisokonezo ndi cakuti liu la Cinyanja lakuti "lendi", monga ponena nyumba ya lendi, lioneka ngati mwana wa "lend", pamene linacokera kwa "rent". Kubwereketsa khasu kapena munda kulibe malipiro. Lendi ali ndi malipiro.

Kusiyana kumeneku kumaoneka bwino pa nkhani za minda. Malo ambiri a m'midzi ali m'manja mwa mafumu, ndipo banja limene liri ndi tsala limalola mlendo kapena mkamwini kulimapo. Wina amapereka mwaulere kwa caka cimodzi kapena ziwiri, wina amafuna matumba pokolola. Mwana wolemba pepala akamva "lendi" nalemba "lend", mwini munda wataya matumba ake pa pepala. Akalemba "rent" pamene panali kubwereketsa kwa cifundo, wolimayo wasenzetsedwa ngongole imene sanapangane. Ndipo akalemba "gave", poganiza kuti kupatsa ndi kubwereketsa ndi cimodzi, zidzukulu za mabanja awiriwo zidzakumana kwa amfumu. Munda wobwereka ulibe tsiku loti uthyoke ngati khasu. Wolimayo amabzalapo mango, amaikapo manda a mwana, ndipo pakapita zaka makumi awiri palibe amene akumbukira kuti panali kubweza. Pa pepala la munda, caka cobweza ndi cofunika kuposa mau ena onse.

Masiku ano ngongole yafika ndi pa foni. Makampani a lamya amatumiza mauthenga oitana anthu kutenga ndalama kapena mayunitsi oimbira, ndipo kawiri-kawiri liu loonekera pa galasi ndi "borrow" kapena "loan". Nkhalamba imene yapatsa mdzukulu foni kuti aione, ndipo mdzukuluyo wadina pa liu limenelo, yakongola, ngakhale sinadinde cala pa pepala lirilonse. Ndalama zotsatira zikangolowa m'foniyo, kampani imayamba yadula zake pamodzi ndi ciongoladzanja.

Pa mapangano a pakati pa anansi, palibe cokakamiza anthu kulemba m'Cizungu. Pepala silicepa mphamvu cifukwa lalembedwa m'Cinyanja, ndipo likafunika ku khoti lalikulu omasulira alipo. Wolemba m'Cinyanja acita bwino kulambalala "kubwereka" amene ali ndi nkhope ziwiri, nagwiritsa nchito mau opanda mbali ina: uje wapereka, uje walandira, uje adzabweza zakuti pa tsiku lakuti. Ndalama zilembedwe m'manambala ndi m'mau momwe, mboni zisaine, ndipo mapepala akhale awiri, lina kwa wokongoza, lina kwa wokongola.

Kumene pepala labwera kale m'Cizungu, monga fomu ya kampani, wosadziwa kuŵerenga ali ndi ufulu wobwera ndi womuŵerengera wake, mphunzitsi, mlangizi wa zaulimi kapena mkulu wa mpingo, osati woŵerenga wosankhidwa ndi mwini fomu. Woŵerengayo asangomasulira mwacidule kuti ndi za ngongole ija. Aloze ndi cala pamene pali "borrow", "lend", "rent" kapena "sold", achule dzina limene laima patsogolo pa liulo ndi limene latsatira "from" kapena "to", ndipo anene momveka, mboni zikumva, amene pepalalo likuti adzabweza.